Tsitsi la Pansi pa Desiki

Pasukulu imeneyi ahedi asinthapo anayi, aphunzitsi abwera ndi kupita osawerengeka, koma Mayi Tsache alipobe. Dzinali anawapatsa ndi ana, zaka pafupifupi makumi awiri zapitazo. Iwo analikana kwa sabata imodzi, akuthamangitsa aliyense wolitchula, kenako anatopa nalo n'kulitenga. Lero ngakhale mdzukulu wawo akafunsidwa kuti agogo ake ndani, amatchula lomwelo.

Ndi mayi wamfupi, wamikono yolimba, woyenda ngati wachedwa kwinakwake. Duku lawo amalimanga molimba mpaka pamwamba pa nsidze, kutenthe kuzizire, ndipo pasukulupo panalibe amene anawaonapo mutu uli pambalambanda. Pakamwa pawo m'pamene panalibe chotchinga. Mphunzitsi akataya makoko a nthochi pansi, ankamufunsa ana akumva ngati kwawo amasesa ndi amayi ake mpaka lero. Ena ankawaopa, ena ankawaseka, koma makalasi anali mbee.

Ntchito yawo yaikulu inkayamba ana akaweruka. Makalasi asanu ndi anayi, tsache limodzi, ndowa, chokolopera, ndi kachidutswa ka katoni kotolera zinyalala. Anali ndi kasesedwe kawo kamene ena ankati n'kochedwetsa ntchito. Sankalola kuti madesiki akankhidwire kukhoma. Ankasesa pansi pa desiki iliyonse payokha, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo asanakokolole zinyalala ankayamba aziyang'ana kaye.

"Aphunzitsi amawadziwa ana kuchokera m'khosi kupita m'mwamba," ankatero. "Ine ndimawadziwa kuchokera m'mawondo kupita pansi."

Sikunali kudzitama. Ankadziwa mwana amene amatafuna zolembera mpaka inki kutuluka, amene amang'amba pepala la mayeso tizidutswatizidutswa kuti lisakafike kwa bambo ake, amene pansi pa desiki yake sipagwa nyenyeswa ngakhale imodzi chifukwa sabwera ndi kanthu kodya. Zambiri ankazisunga mumtima. Zina ankakatsina khutu mphunzitsi, ndipo mphunzitsiyo ankathokoza monga mmene munthu amathokozera akauzidwa kuti kunja kuli mitambo.

Chaka chimenecho, pakati pa teremu yachiwiri, ahedi analengeza pamzere wa m'mawa kuti kukubwera anamwino awiri ochokera kuchipatala cha ana. Sankabwera kudzapima maso kapena kudzabaya katemera. Ankabwera kudzafufuza ana amene akuvutika mumtima kapena pakhalidwe, a mantha osatha, a nkhawa, a chisoni chosachoka, a mkwiyo, osakhazikika. Mwana aliyense anali ndi mafomu awiri, ina yolemba mphunzitsi, ina yolemba kholo. Pafomu iliyonse panali mafunso makumi awiri, ndipo funso lililonse linali ndi timabokosi titatu tochonga: ayi, pang'ono, kwambiri. Ana amene mafomu awo akanadzaza ndi "kwambiri" ndi amene akanaonana ndi anamwino Lachinayi ndi Lachisanu. Lachisanu masana alendowo ankapita kusukulu ina, ndipo zoti adzabweranso liti panalibe ankadziwa.

Mayi Tsache nkhaniyi inawasangalatsa kuposa mmene anaonetsera. Tsiku limenelo anasesa akuimba chapansipansi, chifukwa mumtima mwawo munali kale dzina la mwana mmodzi.

Anali mtsikana wa m'kalasi yachisanu, wokhala desiki yachitatu pafupi ndi zenera. Anzake ankamutcha Kachipewa, chifukwa kuyambira kumayambiriro kwa teremu ankavala kachipewa kaubweya ngakhale dzuwa liswe mtengo. Azakhali ake, amene ankamulera, analemba kalata yoti mwanayo ali ndi zipere ndipo akumupaka mankhwala, choncho sukulu inamulola. M'kalasi sankatsika pa nambala yachitatu. Sankayankhula asanafunsidwe, sankamenyana ndi munthu, makope ake anali oyera. Ndiye yekha pasukulu yonse amene ankapereka moni wathunthu kwa wosesa, ndipo sankati Mayi Tsache, ankati amayi.

Pansi pa desiki yake m'pamene panali nkhani. Tsiku lililonse Mayi Tsache ankapezapo timipira ta tsitsi, tating'ono ngati mitu ya machesi, tokulungidwa bwinobwino ndi zala. Lolemba tinkakhala tambiri, Lachisanu tambiri koposa. Atatenga kamodzi n'kukamasula pachikhatho, anaona kuti tsitsi lililonse lili ndi kamuzu koyera kunsonga. Tsitsi la chipere siligwa choncho, limathyoka lokha n'kugwa lopanda muzu. Ili linali lozula. Anayamba kutola timipirato n'kumatisunga mu envulopu yakale m'thumba la epuloni, osadziwa kwenikweni kuti adzatani nato. Kamodzi anawauza aphunzitsi a kalasiyo, koma iwo anayankha kuti n'zipere, azakhali ake akudziwa, ndipo anapitiriza kuchonga makope.

Mayi Tsache sanaphunzire zimenezi m'buku. Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi amayi awo anamwalira, bambo awo anakwatiranso, ndipo iwo anatumizidwa kukakhala kwa amalume kumene kunali ana asanu ndi mmodzi kale. Kumeneko anaphunzira kuti mwana wobwera amakondedwa akakhala chete. Anakhaladi chete. Koma m'kalasi, aphunzitsi akatembenukira kubolodi, dzanja linkakwera lokha kumutu. Kuzula kamodzi kunkapweteka pang'ono, kenako pamtima pankapepuka kwa kanthawi. Pakati pa mutu patayera, anawameta mpala, anawapaka mankhwala amitundumitundu, ndipo atawagwira akuzula anawamenya manja. Kusukulu ankawaloza ngati chitsanzo, mwana wopanda vuto, ena atengerepo. Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, m'mawa wina anafika pageti ya sukulu miyendo n'kukana kulowa. Anabwerera, ndipo panalibe amene anabwera kudzafunsa kuti mwana wopanda vuto uja ali kuti.

Pambuyo pake panabwera ukwati, ana awiri, maliro a mwamuna, ntchito zochapa m'nyumba za anthu, mpaka tsiku limene analowanso pageti ya sukulu atanyamula tsache. Amalume aja anawakhululukira kalekale. Amene sanawakhululukire mpaka lero ndi aja ankawayamikira.

Choncho Lolemba ndi Lachiwiri la sabata ya mafomu anasesa kalasi yachisanu pang'onopang'ono kuposa kale, maso ali patebulo la aphunzitsi. Mphunzitsi ameneyu sanali munthu woipa. Anali ndi ana makumi asanu ndi limodzi mphambu asanu ndi atatu, ndi masana awiri okha oti alembe mafomu onsewo. Ndiye ankalemba ndi makutu. Mwana amene dzina lake linawasasitsapo mawu ankalandira "kwambiri" mosaumira. Mnyamata wina wotchedwa Wayilesi, amene pansi pa desiki yake Mayi Tsache sanapezepo china choposa mapepala a maswiti ndi zithunzi za magalimoto, anadzaziridwa fomu yonse. Ikafika fomu ya mwana wachete, cholembera chinkangotsetsereka pamzere wa "ayi" kuchokera pamwamba mpaka pansi, osapuma. Ya Kachipewa sinatenge ngakhale nthawi yomeza malovu.

Lachitatu mndandanda unakhomedwa m'chipinda cha aphunzitsi. Mayi Tsache amawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa mawu, koma amawerenga. Anautsika kawiri. Panali maina makumi atatu ndi limodzi, ambiri a anyamata a phokoso. Dzina la mtsikana uja panalibe. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kupita kukagogoda ku ofesi ya ahedi.

Ahedi anali mayi waudongo, wolankhula mofatsa, amene ankafunitsitsa kuti alendo achoke akuyamikira sukulu. Anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Kenako anafotokoza kuti fomu ya mphunzitsi ikuti mwanayo alibe vuto, ya azakhali ake ikuteronso, kalata ya zipere ili m'faelo, ndipo anamwino ali ndi ana ambiri kale kuposa nthawi yawo.

"Amayi, ndikumva nkhawa yanu," anatero. "Koma fomuyi ili ndi malo a mphunzitsi ndi malo a kholo. Malo a wosesa mulibe."

"Ndiye kuti anailakwitsa fomuyo, ahedi."

Ahedi sanaseke. Anawakumbutsa kuti chipinda cha mabuku, mmene alendo azigwirira ntchito, chisesedwe alendowo akachoka osati ali momwemo. Anawakumbutsanso, mawu ali ofewa ngati kale, kuti ntchito yawo amaiunikanso a komiti chaka ndi chaka, ndipo komiti imafunsa maganizo a ahedi.

Madzulo amenewo mwana wawo wamkazi, amene amakhala naye, anawachonderera kuti aisiye nkhaniyo. Anati mwanayo ali ndi eni ake, ndipo pakamwa pawopo tsiku lina padzawagoneka ndi njala onse m'nyumbamo. Mayi Tsache anavomereza kuti akunena zoona. Mantha anali nawo ndithu, pakuti pa msinkhu wawo ntchito ina sakanaipeza. Lachinayi lonse anasesa ali duu, akuona ana a pamndandanda akulowa m'chipinda cha mabuku mmodzimmodzi. Wayilesi anatulukamo akumwetulira ngati wapambana mpikisano. Masana, pansi pa desiki yachitatu anapezapo timipira khumi ndi tinayi.

Lachisanu, nthawi ya teni koloko, anadzaza ndowa, ananyamula chokolopera, ndipo mwana wina atangotuluka m'chipinda cha mabuku iwo analowa. Namwino wamkulu, mayi wa imvi wovala magalasi omangirira kachingwe, anawauza mwaulemu kuti sanamalize. Mayi Tsache anati akudziwa, anatseka chitseko ndi phazi, anatenga pepala loyera patebulo n'kukhuthulirapo zonse za mu envulopu. Tinali timipira ta masabata asanu ndi awiri, ndipo tinadzaza pepalalo.

Namwinoyo sanafunse kuti iwo ndani. Anakankhira magalasi m'mwamba, anamasula kampira kamodzi ndi nsonga ya cholembera, n'kukayang'ana nthawi yaitali. Anafunsa kuti n'kalasi iti, desiki iti, kuyambira liti. Mayi Tsache akuyankha, chitseko chinatseguka ndipo ahedi analowa. Wina anali atawathamangira kale.

Ahedi anapepesa kwa alendo. Anati mayiwa ndi wosesa wawo wakale, wa mtima wabwino koma wokonda kulowerera, ndipo mwana amene akunenayo ali ndi zipere basi, kalata ilipo. Anatembenuka n'kuwauza Mayi Tsache kuti atenge ndowa yawo atuluke, akambirana pambuyo pake.

Mayi Tsache sanayang'ane ndowa. Anakweza manja kukhosi n'kuyamba kumasula mfundo ya duku. Inali yolimba, ndipo inatenga nthawi moti namwino wamng'ono anayang'ana pansi mwamanyazi. Duku litachoka anaweramitsa mutu. M'mbali munali tsitsi laimvi, lalifupi. Pakati panali malo aakulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, osalala, owala, opanda ngakhale katsitsi kamodzi.

"Ichinso ankati chipere," anatero. "Chatha zaka makumi anayi ndi zinayi. Inenso ndinali mwana wopanda vuto, ahedi. Mukanandikonda kwambiri."

Panja ana a kalasi yachiwiri ankabwereza matebulo a masamu mokuwa. Kunena chilungamo, nkhope ya ahedi sinali ya munthu wouma mtima. Inali ya munthu amene wauzidwa zoona ndi munthu wosayenera, pamaso pa alendo.

Namwino wamkulu anatulutsa fomu yosalemba. Pamene panalembedwa kuti mphunzitsi anadulapo mzere, n'kufunsa kuti alembepo chiyani. Mayi Tsache anati alembe kuti wosesa, si dzina lochititsa manyazi. Namwinoyo anawafunsa mafunso onse makumi awiri. Mayi Tsache anayankha ena, koma pa ambiri anati sakudziwa, pakuti iwo mwanayo amamudziwa kuchokera m'mawondo kupita pansi, ndipo sanabwere kudzanama. Namwinoyo ananena kuti sangaonane ndi mwana popanda chilolezo cha womulera, choncho anapempha ahedi kuti aimbire foni azakhali aja. Ahedi anapita kukaimba okha.

Mayi Tsache anapemphanso chinthu chimodzi, kuti mwanayo asamuitane ndi dzina pamaso pa anzake ngati wolakwa, koma amutume kudzasiya mabuku. Namwino nayenso anapempha chake, ngati angamuuze mtsikanayo za mutu umene wangouona. Mayi Tsache anamanga duku kaye, n'kulikoka mpaka pa nsidze, kenako anati amuuze.

Mtsikanayo analowa atanyamula mabuku asanu, ndipo anakhalamo pafupifupi ola lathunthu. Galimoto ya alendo inadikira pageti, dalaivala akuliza hutala. Mayi Tsache anali kuseri kwa kalasi yachisanu ndi chiwiri akukolopa khonde limene anali atalikolopa kale.

Lolemba azakhali aja anafika atapsa mtima, mawu akumveka mpaka kubwalo la mpira. Ankafunsa kuti ndani wanena kuti mwana wa mchimwene wawo ndi wamisala, ndipo kuyambira liti wosesa akufufuza ana a eni. Anali mayi wotopa, wogwira ntchito m'fakitale, amene anagula mankhwala a zipere machubu atatu ndi mtima wonse. Ahedi anawakhazika pansi n'kuwaonetsa kalata imene anamwino anasiya. Azakhaliwo anatuluka ali chete, koma podutsa pamene panali Mayi Tsache anayang'ana kumbali.

Ntchito sinathe, koma makiyi a makalasi analandidwa. Ahedi anati pofuna mtendere, Mayi Tsache azisamalira zimbudzi ndi bwalo, ndipo m'makalasi muzisesa mayi wina wachitsikana. Uyu ankakankhira madesiki kukhoma n'kumaliza makalasi onse m'maola awiri, ndipo aphunzitsi ankamuyamikira kwambiri. Amene ankaganiza kuti Mayi Tsache afewa sankawadziwa. Pasanathe mwezi anali atauza kale ahedi, osafunsidwa, kuti pali kamnyamata ka kalasi yachitatu kamene kamadzitsekera m'chimbudzi chakumapeto nthawi yonse yopuma, ndipo sikuti kamatsegula m'mimba. Anati ngati ankafuna kuti asamaone zinthu, akanawatuma kukasesa kumsika, chifukwa kuzimbudzi n'kumene ana amalirira. Ulendo uno ahedi analemba dzinalo pakapepala.

Chimene chinawapweteka Mayi Tsache si makiyi. Kachipewa anasiya kuwapatsa moni. Akawaona pabwalo ankakhota n'kudzera kuseri kwa thanki ya madzi. Pa masabata awiri aliwonse, Lachitatu, azakhali ake ankabwera kudzamutenga nthawi ya leveni kupita naye kuchipatala, ndipo ankabwerako tsiku lotsatira chipewa chili pamutu monga kale. Chimene chinkamudya mwanayo mumtima Mayi Tsache sanachidziwe, ndipo sanafunse, pakuti sinali nkhani yawo. Koma moni uja ankausowa. Masiku ena ankadzifunsa ngati sanamuvule mwana wa eni pagulu pofuna kubwezera za iwo eni. Yankho loti liwakhazike mtima pansi sankalipeza, koma akafunsidwa ngati akunong'oneza bondo ankati ayi, ndipo ankanena zoona.

Teremu yachitatu ili pafupi kutha, masana ena otentha, anali pampopi wa kuseri kwa zimbudzi akudzaza ndowa. Atadzutsa mutu anaona mtsikanayo ataima chapatali, manja ali kumbuyo. Moni sanapereke.

"Zinali zinthu zanga," anatero. "Simunandipemphe."

"Sindinakupemphe, mwanangu. Ndinakulakwira pamenepo."

"Ndiye mukupepesa?"

"Pa kusakupempha, ndikupepesa. Pa kukapereka, ayi. Ngakhale mawa ndikhoza kukaperekanso."

Mtsikanayo anakumba dothi ndi nsonga ya nsapato. Anayang'ana uku ndi uku. Poona kuti kulibe munthu, anayandikira, anakweza kachipewa mbali imodzi n'kuweramitsa mutu pang'ono. Pamwamba pa khutu lamanzere panali malo aakulu ngati chivundikiro cha botolo la mafuta odzola. Sanali oyera. Panali titsitsi tofewa, takuda, tangati ta mwana wakhanda.

"Pakuyabwa," anatero mokwiya, ngati kuti nalonso ndi vuto la Mayi Tsache.

"Ndiye kuti likumera. Usakande."

"Nthawi zina ndimazulabe."

"Ndikudziwa. Sizitha tsiku limodzi. Ukawauze akuchipatala Lachitatu, usawabisire."

Mtsikanayo anabweza chipewa n'kuchikoka mpaka m'makutu. Kenako maso ake anakwera paduku lija n'kukhala pamenepo.

"Anamwino anandiuza za inu. Lanu silinamerenso?"

"Langa ayi," anatero Mayi Tsache. "Langa ankangolisesera kunja pamodzi ndi zinyalala."

Belu linalira. Ndowa inali itadzaza kalekale, madzi akusefukira pamapazi awo iwo osamva. Mtsikanayo anatambasula dzanja n'kutseka mpopi, anaukanikiza kawiri chifukwa umadontha, ndipo anathamangira kukalasi osatsanzika. Mayi Tsache anapukuta nkhope ndi nsonga ya epuloni, ananyamula ndowa n'kupita kukayamba ndi chimbudzi chakumapeto.